Mfuti Imene Lyson Anasiya

Panatha masabata asanu m'nyumba ya ku Beech Grove mayi ndi mwana wake osalankhulana. Tusekele ankaphika n'kuvindikira, Pamela ankadikira mayi ake anyamuke kupita ku shifiti ndiye n'kutsika kudzadya. Akakumana pamasitepe, mtsikanayo ankatsamira khoma ngati akupatukira munthu wonyamula madzi otentha. Inde m'nyumbamo munagwa maliro mwezi wa Juni, koma aliyense wolowamo ankaona yekha kuti uku sikulira ayi. Unali mkwiyo.

Lachinayi lina m'mawa Pamela anaima pakhomo la khitchini, chikwama cha kukoleji chili kumsana. Analankhula m'Chingerezi monga mwa masiku onse, poti anabwera ku America ali ndi zaka zinayi zokha.

"Mami, ndapeza chipinda ku Lawrence, kwa mnzanga Shalom."

Tusekele anaika kapu pansi. "Chipinda cha chiyani, nyumba uli nayo?"

"Mpikisano uli sabata yachiwiri ya Seputembala. Dadi anandilembetsa asanamwalire. Mfuti yawo ikabwera m'nyumba muno, ndikhala. Ikapanda kubwera, ndikusamuka."

"Mwana wanga, zinthu zogawidwa pamwambo sizibwezedwa ngati nsapato za kusitolo."

"Ndiye musavutike nazo."

Anamenyetsa chitseko mpaka kalendala ya kutchalitchi inagwa pakhoma. Tusekele anakhala pampando n'kulira yunifolomu ali atavala kale.

Tinene za mfutiyo, poti ndi imene inang'amba banja. Sinali mfuti yopita nayo kutchire. Inasulidwa zaka zoposa zana limodzi ndi theka zapitazo, mpope wake wonenepa ngati munsi, kulemera kwake kofika theka la thumba la simenti. Munthu sangaiwombere ataimirira. Imagonekedwa patebulo lolimba, mwini wake atakhala pansi. Onga amathirira kukamwa ngati gogodera wa kwathu, chipolopolo n'kuchikulunga m'timapepala, n'kuchikankhira m'kati pang'onopang'ono. Akatero amadikira mphepo ileke, n'kuwombera chandamale chimene chili kutali moti ndi maso okha sungachione bwino. Wopambana ndi amene zipolopolo zake zaunjikana pamodzi pakati pa pepala.

Lyson, mwamuna wa Tusekele, ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Mdala wina mzungu amene anamusamalira zaka zinayi ndiye anali mwini mfutiyo. Mphamvu zitamuthera mdalayo, Lyson ndi amene ankamudiraivira ku mipikisano ya kummwera kwa Indiana, kumunyamulira chitsulocho, kumuyezera onga. Pomwalira, mdalayo anamusiyira mfutiyo pamodzi ndi bokosi la zipangizo zake. Kuyambira pamenepo Lyson anapenga nayo. Ndipo amene anapenga naye limodzi ndi Pamela.

Pamela sanali mwana wa Lyson womubereka yekha. Anamupeza ali ndi zaka zinayi pamene ankakwatira mayi ake, koma palibe tsiku limene anamutchula kuti womupeza. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ankadula timapepala tija ndi lumo. Atafika khumi ndi zinayi anayamba kuwombera. Loweruka lililonse la chilimwe awiriwa ankanyamuka m'mamawa, n'kubwera madzulo atada manja, akununkha utsi wa onga, akukangana za mphepo.

Tusekele sanapiteko ngakhale kamodzi. Zifukwa anali nazo, ndipo sizinali zabodza. Loweruka linali tsiku la shifiti kuchipatala cha m'tauni, komanso iye monga nesi ankadziwa zimene chipolopolo chimachita m'thupi la munthu. Panalinso amayi a kutchalitchi amene ankamufunsa moseka kuti amuna anu akukonzekera nkhondo iti. Choncho akamuitana ankangoti, "Pitani nokha mukapse ndi dzuwa ndi chitsulo chanucho."

Lyson anagwa kuntchito mwadzidzidzi, ndipo pofika kuchipatala anali atapita kale. Thupi lake linakwera ndege kukaikidwa kwawo ku Mchinji. Atabwerako kumaliro, mlongo wake wamkulu wa Lyson, Vainess, anabwera kuchokera ku South Bend kudzagawa katundu wa malemu. Tusekele anakhala pansi pakona ya pabalaza, duku lakuda kumutu, monga anamulangizira amayi achikulire kuti namfedwa sayankha, saloza, sawerengera anthu zimene akunyamula. Masuti anapita, nsapato zinapita, wotchi inapita. Kenako Vainess anati kwawo mfuti ya munthu wamwamuna imapita kwa mwana wa mlongo wake, ndipo mwana wake Dixon analowa m'galaja.

Pamela anafika kuchokera kukoleji n'kupeza Dixon akukankhira mfutiyo m'buti ya galimoto. Anakuwa, anagwira bokosi la zipangizo, analimbana nalo. Vainess anatuluka n'kunena pamaso pa anthu onse kuti, "Iwe mwana, siya. Iwe si magazi athu." Pamela anatembenuka kuyang'ana mayi ake kudzera pakhomo lotsegula. Tusekele anayang'ana pansi. Nyumba inali yake, malamulo a dziko lino anali kumbali yake, mawu amodzi okha akanakwanira. Sanawanene.

Loweruka lotsatira m'mawa uja womenyetsa chitseko, Tusekele anasinthana shifiti ndi mnzake n'kuuyamba ulendo wa ku South Bend. Maola awiri ndi theka pa msewu wa 31, chimanga mbali zonse mpaka kumene maso alekezera. Njira yonse ankayeserera zokanena, koma atapaka galimoto pansi pa mafulati a Vainess mawu onse anabalalika.

"Alamu, mwabwera osaimba foni," anatero Vainess potsegula. "Kwagwanji?"

"Kulibe chagwa, alamu. Ndabwera kudzapempha."

Vainess anakhala pasofa. Tusekele sanakhale pampando umene anamulozera. Anagwada pakapeti, mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, mawondo akulira.

"Ndikupempha mfuti ya achimwene anu. Mwana akundithawa m'nyumba. Masuti, wotchi, zonse zikhale kumene zinapita, sindikuzifuna. Koma chinthu chimodzi chokhacho."

"Mwana wake uti?"

"Mukumudziwa, alamu."

"Ine ndikudziwa mwana wanu. Wa mchimwene wanga sindinamuonepo." Vainess anakonza chitenje pamiyendo. "Zaka khumi ndi zisanu mwakhala naye Lyson. Munatiberekera ndani? Ku Mchinji kuli manda okha, palibe ndi kamwana komwe koti tizikayang'ana n'kumati mphuno iyi ndi ya uje. Lero mukufuna ndi kachitsulo komwe kapite kwa eni ake ena?"

Mawuwo anamubaya Tusekele pamalo pamene panali bala kale. Anapita padera kawiri, ndipo Vainess ankadziwa bwino lomwe, poti ulendo wachiwiri anabwera yekha kudzamuphikira phala. Misozi inatsika, koma sanaipukute.

"Lyson anamulera mwana uja. Anamuperekeza kusukulu tsiku loyamba. Dzina limene amalemba ndi lake. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Amatinso chibale ndi fupa, sichiola. Miyambi tisayambe kuponyerana, sitimaliza." Vainess nayenso maso anafiira. "Lyson ndinamubereka kumsana ine. Mayi athu atamwalira ndinasiya sukulu kuti iye aphunzire. Kuno ku America anabwera pa dzina langa. Ndiye wafa, inu mwatsala ndi nyumba, mwana wanu watsala ndi dzina. Ine ndatsala ndi chiyani? Mwambo sindinaupange ine, alamu. Ndipo tsiku lija munali pomwepo. Bwanji simunakane?"

 Funso limenelo ndi lomwe linkamusowetsa tulo Tusekele masabata onsewa.

Apo n'kuti Dixon atatuluka kuchipinda n'kuima pakhomo la pabalaza. Anali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, wogwira ntchito ku labu, wosakonda zokangana. Anapatsa moni Tusekele, kenako anayang'ana mayi ake.

"Amayi, ingowapatsani. Ine sindikuifuna. Ili pansi pa bedi, ndikungopunthwa nayo. Komanso mukudziwa zimene ananena bambo aja."

"Khala chete iwe."

"Ananena chiyani?" anafunsa Tusekele.

Dixon anakanda kumutu. Anati sabata ziwiri zapitazo anainyamula kupita nayo kwa mkulu wina wodziwa mfuti zakale kuti akamuuze ngati ingagwire ntchito. Mkuluyo ataiona anavula magalasi n'kuisisita ngati mwana. Kenako anatsegula bokosi, anafufuza, n'kufunsa kuti kamlomo kake kali kuti.

"Kamlomo?"

"Eya, anti. Akuti wosula mfuti yotere akamaliza kuboola mpope, amadula kachidutswa kumapeto kwake n'kukaika timisomali tinayi. Polowetsa chipolopolo amayamba wavundikira kachidutswako pakamwa pa mfuti kuti chipolopolo chilowe chowongoka, ndiye n'kukachotsa asanawombere. Kamagwirizana ndi mpope umodzi wokhawo padziko lonse, poti ndi thupi limodzi. Akuti popanda kameneko mfuti ikhoza kulira, koma pampikisano sipangakhale chimene ungachite. Ingokhala yopachika pakhoma."

"Sangasule kena?"

"Ndinafunsa. Akuti kena sikangafanane, pokhapokha atadula mpope weniweniwo, ndiye kuti waiononga mfutiyo."

Tsono n'chifukwa chake, anaganiza Tusekele. Vainess akanamusiya agwade mpaka mawondo atupe, chinthu akudziwa kale kuti n'chakufa. Mkwiyo unamukwera, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire mwamuna wake anakweza mawu pamaso pa mlamu wake.

"Ndiye mwakataya kuti? Munanyamula bokosi lathunthu m'nyumba mwanga. Kali kuti?"

"Ife sitinataye kanthu," anatero Dixon. "M'bokosimo munalibe. Taonani, ndi kotere." Anafufuza pafoni n'kumuonetsa chithunzi.

Kanali kachitsulo kozungulira, kotalika ngati chala, kabowo pakati, timisomali tinayi titatuluka mbali imodzi. Tusekele anakayang'ana. Ankakadziwa. Sikankakhala m'galaja. Kankakhala m'dirowa ya kumutu kwa bedi, mbali ya Lyson, m'kathumba ka nsalu yobiriwira konunkha mafuta. Usiku wina uliwonse asanapite kumpikisano Lyson ankakatulutsa, kukapukuta, kukayang'ana pa getsi. Tusekele ankangoti ndi chikumbutso cha mdala uja, ndipo sanafunsepo.

Vainess anasuzumira pafonipo, n'kuyang'ana nkhope ya mlamu wake. Anaomba m'manja kamodzi.

"Kodi si kaja munatipatsa nokha?"



"Dixon, tamvera. Tsiku lotseka bokosi la maliro la amalume ako, ndinawafunsa alamu anga kuti kodi chimene malemu ankachikonda kwambiri n'chiyani, apite nacho, mzimu wawo usamabwerere kudzachifuna m'nyumba. Anakwera okha kuchipinda, anabwera ndi kathumba kobiriwira. Anakaika okha m'manja mwa mwamuna wawo. Ine sindinakakhudze n'komwe." Anatembenukira kwa Tusekele, ndipo mawu ake sanalinso aukali. "Ndiye mukundikalipira kuti ndakataya? Kali ku Mchinji, alamu. Pansi pa simenti."

 Dixon anabweza foni m'thumba.

"Tengani mfuti yanu," anatero Vainess pomaliza. "Musadzanene kuti a kuchimuna anakulandani. Dixon, kawanyamulire."

Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko, ndipo Tusekele anamumva akulira m'katimo.

Pobwerera, kumbuyo kwa galimoto kunali kolemera, ndipo pa bampu iliyonse bokosi linkagunda. Chakumapeto kwa Kokomo anapatuka pamalo omwetsera mafuta, anazimitsa injini, n'kugwira chiwongolero ndi manja awiri. Anaganiza zoimbira foni ku Mchinji. Anene kuti chiyani, akumbe manda chifukwa cha kachitsulo? Angamutche mfiti mudzi wonse. Madzi akatayika saoleka.

Kenako linamubwerera ganizo lina, losavuta kwambiri. Pamela sanalipo tsiku lotseka bokosi, anakana kuona nkhope ya bambo ake itauma. Sankadziwa kanthu. Kungomuuza kuti kamlomo kanasowa ku South Bend, basi. Vainess ndi Pamela sadzakhalanso pansi kucheza mpaka Yesu adzabwere. Mwana adzadana ndi azakhali ake, amene amadana nawo kale, ndipo adzakhala pakhomo. Tusekele anayatsa galimoto ganizolo lisanamusiye.

Anafika ku Beech Grove dzuwa lidakali pamwamba. Asanazimitse n'komwe injini, Pamela anali atatuluka opanda nsapato. Anaona bulangete lokutira chinthu chachitali pampando wakumbuyo, anagwira pakamwa, n'kuthamangira mayi ake. Anawakumbatira mwamphamvu mpaka Tusekele anabanika.

"Mwapitadi. Mami, mwapitadi. Pepani, pepani pa zonse zija."

Tusekele anamva fungo la tsitsi la mwana wake, limene anali atalisowa masabata asanu. 

Ananyamulizana mfutiyo, wina kutsogolo wina kumbuyo, n'kuigoneka patebulo lodyera. Pamela anaivundukula, anayendetsa chala pampope kufuna dzimbiri, anasuzumira m'kati. Ankalankhula osapuma, za onga umene watsala, za mnzawo wa bambo ake amene walonjeza kumunyamula, za mmene adzalembere dzina la Dadi pachandamale chake. Kenako anatsegula bokosi. Anatulutsa chikombole cha zipolopolo, ndodo, kabotolo ka mafuta, lumo. Anafika pansi. Anayambiranso.

"Kathumba kobiriwira kali kuti? M'dirowa mulibe, ndinayang'ana kalekale. Ndinkadziwa kuti anatenga iwo." Anadzutsa mutu, maso atayamba kale kuyaka. "Anti akaniza, eti? Kapena ataya? Ndinadziwa ine. Mayi ameneyo ndi woipa mtima."

Bodza linali litadzikonza lokha. Tusekele sankafunika ngakhale kulinena, kungogwedeza mutu kukanakwana. Anayang'ana mwana wake, nkhope yonyowa ndi misozi ya chisangalalo imene inali isanaume. Anaona kuti akagwedeza, adzakhala naye m'nyumba muno zaka ndi zaka, akudya naye, akupemphera naye, chinthucho chili pakati pawo.

"Si anti ako," anatero. "Ndine."

"Mwati chiyani?"

"Ndinakaika m'manja mwa bambo ako tisanatseke bokosi. Anandifunsa chimene ankachikonda kwambiri. Ndinkawaona akukapukuta, ndiye ndinati ndi chimenechi. Sindinkadziwa kuti n'ka mfuti, Pamela. Mulungu akundiona, sindinkadziwa."

Pamela anakhala pampando pang'onopang'ono. Sanakuwe. Tusekele akanakonda akanakuwa.

"Simunkadziwa."

"Ndinkafuna kuwachitira ulemu. Ndinkati apite ndi chinthu chawo."

"Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene wapitako tsiku limodzi amadziwa kuti n'chiyani. Ndi chinthu choyamba chimene amakuonetsa." Mawu ake anali otsika. "Zaka khumi ndi ziwiri, Mami. Mukanabwera kamodzi kokha."

"Ndinali ku ntchito, mwana wanga. Ndinkagwirira inu nomwe."

"Si Loweruka lililonse."

Tusekele anagwada kachiwiri tsiku limenelo, nthawi ino pamaso pa mwana wobereka yekha, n'kumugwira miyendo. Anapepesa m'Chichewa, anapepesa m'Chingerezi, anapepesa ndi m'Chinkhonde cha kwawo ku Karonga chimene Pamela sankamva n'komwe. Anati mfuti yabwera, monga anapanganirana, ndiye asachoke. Anati adzafunafuna wosula wina, adzapita naye ku mpikisano uliwonse, adzasiya mashifiti a Loweruka.

Pamela anachotsa manja a mayi ake pamiyendo yake, modekha, chala chimodzichimodzi.

"Anti ananena kuti sindine mwana wawo, inu munakhala chete. Ndinkati ndikakawombera ndi mfuti yawo, pa dzina lawo, anthu onse aja akaona okha kuti ndine mwana wa ndani. Chinali chokhacho chimene ndinatsala nacho." Anaphimba mfutiyo ndi bulangete lija. "Sindikudana nanu. Koma sindingathe kumakuonani m'mawa uliwonse. Panopa ayi."

Anakwera kuchipinda. Tusekele anamva madirowa akutseguka, mahang'ala akugwa. Patapita theka la ola galimoto ya Shalom inaima panja. Pamela anatsika ndi masutikesi awiri, n'kudutsa tebulo lija osaliyang'ana.

"Mfutiyo sutenga?" anafunsa Tusekele.

"Ndikatani nayo?"

Pakhomo anaima, nsana uli kwa mayi ake.

"Mukudziwa, Dadi ankanyamula mipando itatu ulendo uliwonse. Ndinkawauza kuti ikungodya malo m'galimoto. Iwo ankati, usiye, mwina amayi ako atipeza konko akaweruka."

Chitseko anachitseka bwinobwino, osamenyetsa. Galimoto inalira, inakhota pakona, inapita.

Tusekele anakhala pansi pomwepo mpaka miyendo inachita dzanzi. Atadzuka anakumbuka kuti galaja anaisiya yotsegula, ndipo anatuluka kukaitseka. Kuseri kwa makina odulira kapinga, itatsamira khoma, inalipo mipando itatu yopinda. Iwiri inali yoyezuka ndi dzuwa, nsalu zake zitabowoka, miyendo ili matope okhaokha. Wachitatu unali udakali m'pulasitiki yake ya kusitolo.